Kope Limene Linandimangitsa

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mvula itangokata. Panali apolisi awiri, kumbuyo kwawo mayi eni nyumba imene ndinkachita lendi ku Chawama.

"Ni aba," anatero mayiwo. "Sabata yonse vibanda vilira mu nyumba yanga."

Ziwandazo chinali chimbale cha anyamata anayi a ku Matero oimba hevi meto, magitala olira ngati chigayo, mawu ochokera pansi pa khosi. Ine ndimalemba ndemanga za nyimbo pa tsamba langa la pa intaneti. Nyimbo khumi za m'chimbalecho ndi nkhani imodzi: bambo wa ku Kanyama amene madzi osefukira anamutengera mwana, iye n'kutsikira pansi pa madzi kukamufuna. Mawu ake samveka msanga, choncho ndinkabwereza nyimbo iliyonse n'kumalemba m'kope.

Kupolisi, mkulu wawo anatsegula kopelo n'kuwerenga mokweza.

"'Ndatsikira pansi pa madzi.' Mwalemba mweka. Kuja ni kwa Satana, tonse tiziba. Tipaseni maina ya banzanu, muyende kunyumba."

Maina a anyamata oimbawo ndinkawadziwa, ndi makomo awo omwe. Ndinkadziwanso zimene khamu la m'komboni limachita likamva kuti uje ndi wa Satana. Ndinati sindinena. Anandifunsanso masana, ulendo uno ndi paipi ya pulasitiki. Khutu lamanzere silimvanso bwino mawu apansi a besi mpaka lero.

M'selo, kapitawo wa akaidi anati mlendo aliyense amayamba waimba. Ine kuimba, aa, ngakhale kutchalitchi amandiletsa. Ndinawafotokozera chimbalecho, nyimbo ndi nyimbo, ndikumenya ng'oma pa ntchafu. Nditafika pamene bamboyo apeza nsapato yokha ya mwanayo, mdala wina wa ku Kanyama anatembenukira kukhoma.

"Wanga anali na zaka zitatu," anatero.

Mantha ndinali nawo, sindibisa. Koma kuchokera pamenepo mtima unauma gwa! Lachitatu ndi Lachinayi anandifunsanso, yankho silinasinthe.

Ananditulutsa Lachisanu opanda mlandu, mchemwali wanga atakhala pakhomo pa apolisiwo masiku atatu osatopa kuwasowetsa mtendere. Kope sanandibwezere. Katundu wanga ndinamupeza panja pa nyumba ya lendi ija, atanyowa.

Ndemanga ija ndinailembera kwa mchemwali, kuchokera m'mutu. Iye anati, "Poti mwawavutikira anyamatawo, muwatamande basi." Ndinakana. Ndinalemba kuti chimbalecho n'champhamvu, kuti chinaliza munthu amene sanachimve n'komwe, komanso kuti nyimbo yachisanu ndi chiwiri ndi yotalika mopanda chifukwa ndipo wa ng'oma amathamanga ngati akuthawa ngongole ya kachasu.

Ufulu kwa ine ndi umenewo, kunena chimene ndamva, chabwino ndi choipa chomwe. Wa ng'omayo anakwiya, sandipatsa moni mpaka pano. Sadziwa kuti dzina lake linagona nane m'selo masiku atatu, osatuluka.