Ine ndi Apongozi Pamwamba pa Chigudumu

Nditakwatira ndinalowa m'nyumba ya apongozi anga aakazi ku Tafara, m'chipinda chakuseri chimene kale munkagona maloja, anthu olipira lendi. Ndinkati ndikhalamo miyezi yowerengeka. Ana athu awiri anabadwira momwemo, ndipo wamkulu, mtsikana, anafika povala tayi ya ku sekondale tikadali pomwepo.

Apongozi anabwera kuno ku Harare kuchokera kutali ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ku fakitale ya simenti. Zambiri za kwawo anazitaya m'njira, koma mwambo wa mkamwini ndi apongozi anafika nawo wathunthu, wosaphwanyika ngakhale m'mbali. Sitinkadyera pamodzi. Sitinkakhala pa benchi limodzi, ngakhale kutchalitchi. Ndikamatuluka pageti iwo akusesa, ankatembenukira kumpanda, ine n'kumayang'ana mawaya amagetsi ngati ndine ndinawamanga. Mawu athu ankadzera mwa ana.

"Uwauze abambo ako kuti mpopi ukudontha," ankatero, ine nditaima pomwepo ndi sipanala m'manja.

"Uwauze agogo kuti ndamva."

Mwanayo ankaupereka uthengawo m'Chishona, chifukwa ndi chimene lilime lake linazolowera, choncho nkhani ya mpopi inkayenda m'zilankhulo ziwiri pakati pa anthu oti akanatha kupatsirana mchere. Sichinali chidani. Akapha nkhuku, nthutumba inkabwera kuchipinda kwathu m'mbale yovundikira. Ndikadwala, ndinkawamva kuseri kwa khoma akunditchula m'pemphero. Koma maso ndi maso, ayi.

Vuto linabwera pamene Mulungu anatipatsa sitandi, malo omangapo nyumba, ku Kuwadzana, tsidya lina la mzinda. Ndinamangapo zipinda ziwiri pang'onopang'ono ndi ndalama zosoka mayunifomu a sukulu, mpaka malata anakwera. Nyumba yopanda munthu ku Harare imavulidwa ngati chimanga. Anayamba ndi zenera limodzi, kenako felemu la chitseko, ndipo ndinkadziwa kuti malata ndiwo akutsatira. Tinkayenera kusamuka mvula isanagwe. Koma akazi anga anakana kunyamula ngakhale supuni popanda chilolezo cha amayi awo, ndipo anafuna kuti chipemphedwe mwamwambo, kuchokera kwa ine, ngati mwamuna wopempha chitengwa. Nkhani yotere imayenda ndi ankhoswe. Ankhoswe athu, mmodzi anamwalira, wina ali ku Joni ndipo foni yake imangolira. Kutuma mwana kuti "uwauze agogo kuti tikuwasiya okha" sikukanatheka. Ndinapemphera nayo nkhaniyi kuyambira nyengo yozizira mpaka mphepo ya Ogasiti inayamba kuulutsa mapepala m'misewu.

Mwezi umenewo ndi umene kufupi ndi tauni kumabwera anthu a zisudzo zokwera, ndi makina awo ozungulira, nyimbo zaphokoso ndi magetsi amitundumitundu. Ana ankatiumiriza chaka ndi chaka, ife n'kumati chaka chamawa. Ulendo uno akazi anga ndi amene ananena kuti tipita, tonse, ndi agogo omwe. Nditamva mitengo yake ndinaona malata awiri akuuluka m'maso mwanga. Ndinakhala pa makina osokera n'kumadzifunsa ngati si zachabechabe zimene mlaliki wakale uja wa m'Baibulo anatichenjeza nazo. Koma ndinakumbukanso kuti Ambuye wathu sanakane kupita ku ukwati, ndiponso kuti mneneri wina, pofotokoza mzinda wodalitsika, anaona misewu yodzaza ana akusewera, nkhalamba zitakhala pafupi ndi ndodo zawo. Ndinavomera, mtima theka.

Apongozi anakana ndi mtima wonse.

"Uwauze abambo ako kuti malungo amazunguza mutu ulere. Iwo akufuna kukalipira?"

Komabe Loweruka m'mawa anali oyamba kufika pageti, atavala duku loyera la kutchalitchi, nsapato zopolisha, ndi chikwama chodzaza mbatata yophika, mazira ndi botolo la maheu, kuti pasapezeke wogula chakudya cha akuba. M'kombi, minibasi ya kuno, iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, bondo lili pachibwano.

Sindidzanama, titangolowa ndinasanduka mwana. Fungo la chimanga chokazinga ndi dizilo, kukuwa kwa anthu ouluka m'mipando ya unyolo, fumbi lofiira likuvina ndi nyimbo. Mnyamata wathu wamng'ono anandikokera ku timagalimoto togundana. Ndinalowamo ndi ulemu wonse wa munthu amene amawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo. Sindinayende patali, akazi anga anandiomba kumbuyo mpaka chipewa chinagwa. Mayi amene amanditchula kuti "abambo" ngakhale tili awiri anabwereranso, atakukuta mano, n'kundigunda m'nthiti. Ndinawathamangitsa bwalo lonse ndikuseka ngati wopenga, n'kumagunda anthu osalakwa ndi kupepesa kumanzere ndi kumanja. Galimoto yanga inakathera pakona, ikungozungulira malo amodzi. Nditakweza maso ndinaona apongozi kuseri kwa chitsulo, atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Uwauze abambo ako," anauza mdzukulu wawo titatuluka, "kuti laisensi asakatenge. Anthu akadali ndi ana oti alere."

Tinadya mbatata yathu pamthunzi wa lole, iwo atandifulatira monga mwa masiku onse. Kutsogolo kwathu kunali chigudumu chachikulu chozungulira ndi anthu m'mwamba, chotalika kuposa mitengo ya bulugamu, mipando yake ikulendewera ngati zisa za atcheta. Mtsikana wathu anayamba kuwanyengerera agogo ake kuti pamwamba pake munthu amaona mpaka ku Tafara.

"Mpaka kunyumba kwanga?"

"Mpaka pa dimba lanu, gogo."

"Ndiye tiyeni. Ndikaone loja amene amathyola repu wanga."

Tinapangana bwinobwino tili pamzere. Mpando uliwonse unali wa anthu awiri. Akazi anga akwera ndi wamng'ono, agogo ndi mtsikana, ine pambuyo ndekha. Wokweza anthu anali bambo wonenepa wa ovololo yamafuta, amene ankangofuula m'Chishona kuti "vaviri vaviri," awiriawiri, ngati akulowetsa nyama m'chingalawa chigumula chili pafupi. Akazi anga anakhala pansi ndi mnyamata. Kenako ndinaona ndi maso angawa dzanja lawo likutuluka, kugwira mtsikana pamkono ndi kumukokera mumpando womwewo, wamng'ono atamukweza pamiyendo. Mpandowo unanyamuka. Wotsatira unafika. Bambo wa ovololo anawagwira apongozi pachigongono n'kuwakhazika, anandikankha ine pamsana, anthu akumbuyo akutifulumizitsa, ndipo ndisanapeze mawu a Chishona ofotokozera kuti amenewa ndi apongozi anga, chitsulo chinatsekeka pamimba pathu.

Mpandowo unali wopapatiza. Phewa langa linakhudza lawo. Iwo anatembenuzira nkhope kumadzulo, ine kum'mawa. Pamwamba pathu ndinkamva akazi anga akuseka mpaka kutsokomola.

Chigudumu chinayamba kukwera. Madenga a matenti anachepa, anthu anasanduka nyerere, nyumba zitalizitali za m'tauni zinatulukira zonse pamodzi, mphepo n'kulowa m'malaya. Ndinafuna kukuwa ndi kuseka nthawi imodzi, koma munthu angakuwe bwanji pambali pa apongozi? Ndinaluma mlomo. Tinazungulira, tinatsika, tinakweranso. Titafika pamwamba penipeni, jenereta yoyendetsa chigudumu inatsokomola n'kuzima. Nyimbo zonse zinaduka. Mpando wathu unatsala ukulendewera pakati pa thambo ndi dziko, ukulira ngati chitseko chakale.

Panalibe mwana woti n'kumutuma.

Kenako ndinamva mawu awo, otsika, amene amapempherera odwala.

"Ambuye Mulungu wa makamu, inu amene munapachika dziko popanda chingwe, auzeni abambo a ana awa kuti asagwedeze mpando."

Ndinatseka maso. "Atate wakumwamba, inu mukudziwa kuti si ine. Ndi mphepo."

"Ambuye, auzeni kuti miyendo yawo ikunjenjemera. Ndikuimva."

"Atate, zimenezo ndi zoona. Ndikhululukireni."

Ndinamva kaphokoso m'mphuno mwawo, ndipo ndinadziwa kuti akulimbana ndi chiseko. Pamenepo ndinakumbukira chinthu china. Miyezi yonseyi ndinkalira kuti ndilibe nkhoswe, pamene chiyambire ubwana wanga ndinaphunzitsidwa kuti tili naye Nkhoswe amene sagona ndipo sapita ku Joni. Sindinachite mwachipongwe. Ndinapemphera zenizeni, monga ndinkachitira pa makina osokera, kungoti ulendo uno mokweza.

"Atate, inu munandipatsa malo ku Kuwadzana. Mukudziwa kuti akuba ayamba kuidya nyumba ija, ndipo mvula ikubwera. Mukudziwanso kuti amayi awa anandisunga ngati mwana wobala okha, sanandiwerengere madzi kapena magetsi. Ndikufuna kupempha mwana wawo kuti ndipite naye kwathu, koma ndilibe pakamwa. Ndipemphereni ndinu."

Mphepo inawomba. Pansi, bambo wa ovololo ankamenya jenereta ndi sipanala. Chiseko chonse chinandithera.

"Ambuye," anatero pomaliza, "auzeni kuti ndinadziwa kalekale. Simenti inkabwera m'tsitsi mwawo Loweruka lililonse, ine ndinakwatiwa ndi munthu wa simenti. Ndimadikira kuti ndione ngati adzapemphe kapena adzangonyamuka ngati maloja." Anapuma. "Koma Ambuye, afunseni. Akapita, ine ndidzalankhula ndi ndani chilankhulo changa? Anzanga onse ali kumanda. Maloja amandiyankha m'Chishona. Mpopi ukadontha ndidzatuma ndani kwa ndani?"

Ndinali ndisanaganizepo kuti mauthenga a mpopi aja anali macheza awo. Maso anandiyabwa, ndipo sinali mphepo.

"Atate, auzeni kuti Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tidzadzera kwawo, ndi sipanala yomwe. Ana akatsekera sukulu adzakhala kwa iwo. Ndipo chipinda chachitatu ndikachimanga, ndi chawo."

"Ambuye, chipinda asunge. Ine sindikagona m'nyumba ya mkamwini. Koma za Lamulungu ndamva, ndipo inu ndinu mboni. Atenge mkazi wawo. Mbale zanga zamaluwa asiye."

Ndisananene ameni, jenereta inadzuka. Chigudumu chinadumpha ngati bulu wolumidwa ndi njuchi, mpando unapendekera kutsogolo, ndipo dziko lonse linabwera kudzatikumana. Apongozi anandigwira mkono ndi manja onse awiri, zikhadabo mpaka m'mnofu.

"Mwana wanga, ndigwireni!"

Ndinawagwira. Tinatsika tikukuwa tonse awiri, ndipo kukuwako kunasanduka chiseko chimene sindinasekepo chiyambire. Duku lawo linapendama, misozi ikuyenderera m'makwinya, n'kumandimenya pabondo ndi chikhatho. Pokweranso anayambitsa nyimbo ya chitsitsimutso, ine ndinalandira besi, ndipo achinyamata a mumpando wapansi pathu anayamba kuomba m'manja osadziwa n'komwe mawu ake. Pamwamba analoza chakum'mawa, kumene kunali utsi ndi timapiri tamiyala.

"Uko ndi kwathu?"

"Kuyenera kukhala komweko, amayi."

"Repu sakuoneka. Mwanayu wandinamiza."

Pomaliza tinatsika. Akazi anga anatidikira pachipata, nkhope ili bwinobwino ngati munthu wosadziwa kanthu. Amayi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe, dzanja lako ndinaliona."

"Mwana amaopa, amayi."

"Amaopa ndani, uyu amakwera mtengo wa mapeyala ndi yunifomu? Ukayambe kumanga katundu. Mbale zamaluwa usakhudze."

Akazi anga anagwira pakamwa, kenako anagwada pafumbi pomwepo, pakati pa anthu ndi mapepala a maswiti, n'kuomba m'manja mwaulemu. Ana anangoyang'anana.

Apongozi anamasula mfundo ya chitenje chawo, imene sinkamasulidwa wamba, n'kupita okha kwa mayi wogulitsa maswiti ooneka ngati thonje lofiirira pa kamtengo. Anabwera nalo, analiyang'ana mokayikira, anatsomphola chidutswa n'kulawa.

"Agulitsa mphepo ya shuga anthu awa," anatero. Anatsompholanso china, chachikulu, n'kundipatsa m'manja mwanga, akundiyang'ana m'maso. "Idyani, bambo. Zikutha zokha mukachedwa."

Chimenecho ndicho chakudya choyamba chimene ndinadya pamodzi ndi apongozi anga. Chinasungunuka ndisanatafune, chinandimata zala ndi ndevu, ndipo ndinayamika Mulungu ngati ndalandira mana.

Tinasamuka mvula yoyamba isanagwe, malata onse alipo. Anzanga a kumpingo akandifunsa ngati n'koyenera kutaya ndalama ku zisudzo zimenezi, ndimawauza zoona: n'zodula, mizere ndi yaitali, ndipo mwezi umenewo tinadya masamba mpaka ana anayamba kudandaula. Timagalimoto tija n'tosachedwa kutha, maswiti ake ndi mphepo. Koma kunali wophunzira wina amene anawerengera mtengo wa mafuta onunkhira pamene mayi uja ankawathira pa mapazi a Ambuye, ndipo sindifuna kukhala mbali yake.

Lamulungu timapitabe ku Tafara, makombi awiri kupita, awiri kubwera. Pagulu apongozi amanditumirabe ana, chifukwa mwambo ndi mwambo. Koma ana akatuluka kukasewera amakoka mpando, osati pafupi kwambiri, n'kuyamba kundiuza za maloja, za mitengo ya mafuta, za mudzi wa kwawo umene ine sindinauonepo. Mphepo ya Ogasiti itayambanso anaitana mtsikana wathu, ine nditagwada pa mpopi pomwepo.

"Uwafunse abambo ako ngati chigudumu chija chabwera. Uwauze kuti mbatata ndiphika ndine."