Mbewa Zopanda Mitu

Ndinamenya mphikawo ndi jombo. Madzi otentha anamwazika, mbewa zopanda mitu zinagwera m'fumbi. Kamtsikana ka a Tembo kanali katagwira kale imodzi, mwendo wake uli m'kamwa. Ndinakagwira chibwano, kulowetsa chala, kukolowola. Kanandiluma mpaka magazi.

A Tembo anali mlonda wa pamalo ofufuzira pafupi ndi Silverest. Timapemphera mpingo umodzi ku Kanakantapa, ndipo ndi iwo anandipezera ntchitoyo. Inali yoyamba kwa ine. Kale ndinkangolima chimanga.

Ndinkasamala mbewa zoyera. Kusintha utuchi m'makeji, kutsuka mabotolo a madzi, kuthira chakudya. Adokotala, mayi amene ankatsogolera kafukufuku, anandiuza kuti mbewazo zinasinthidwa chibadwa. Mwa zimene mwana amatengera kwa makolo, mbewa zina zinali ndi kachigawo kobwerezedwa, mwa zina kanasowa. Ankafuna kuona mmene zimenezi zimaonongera mbali yoyera ya ubongo, imene ili ngati mawaya olumikiza magetsi.

Kuti ubongo uchotsedwe, mbewa inkagonekedwa ndi mankhwala. Ankaing'amba chifuwa, kubaya singano mumtima, pampu n'kukankha fomalini mpaka thupi kuuma gwa. Mutu ankadula ndi lumo. Zotsala zinali zanga: thumba lofiira, kenako ng'anjo.

"Fomalini ndi poizoni," anatero Adokotala. "Ngakhale galu asanyambite."

Tsikulo dizilo wa ng'anjo anatha. Ndinamanga thumba, kulisiya pakhomo pa ng'anjo, n'kupita kustolo. Pobwera, thumba palibe. Utsi unkafuka kunyumba ya mlonda kuseri kwa mpanda. Ife a kum'mawa mbewa ndi ndiwo. Ndinathamanga.

Mwana akulira choncho, a Tembo anatuluka ndi chibonga chawo cha ulonda.

"Iwe Mwale, wafuntha? Ni ndiwo za bana banga izo!"

"Ni poizoni, ba Tembo."

"Poizoni shani? Mbeba zonona so, mufuna kushoka chabe mu ng'anjo? Nakubweretsa nine pano, galu iwe!"

Chibonga chinandipeza pamwamba pa diso. Khungu linang'ambika, magazi kutseka diso. Anawerama kuti atole mbewa. Ndinawaponda dzanja. Anandiluma pa mwendo. Ndinawadzutsa ndi kolala, chibakera pakamwa, china pamimba. Anagwera pa mafuwa, dzino lili pansi. Akazi awo ankakuwa, kundiponyera nkhuni.

Ndinatola mbewa zonse, ndi imene mwana analuma. Mphikawo ndinauphwanya ndi mwala. Mwanayo ndinamutsuka m'kamwa pa mpope, amayi ake n'kumubereka kupita kukiliniki. Sanameze kanthu. Anabwera madzulo akuyenda yekha.

Kuchokera pamenepo thumba lofiira sindilisiya pansi. Dizilo akasowa, ndimalitsekera mufiriji, kiyi m'thumba mwanga. Ndikayatsa ng'anjo, ndimaima pomwepo mpaka phulusa.

M'mawa wotsatira ndewuyo Adokotala anandipeza ndikutsuka makeji, diso litatupa. Pazenera tinkawaona a Tembo pageti, milomo ili ngati chitumbuwa, kamtsikana kaja katawabweretsera tiyi. Wotulutsa kanthu m'thumba lofiira amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, nyumba n'kulandidwa.

"A Mwale, wakuvulazani ndani? Nanga a Tembo aja chawachitikira n'chiyani?"

Ndinatseka mpope. Ndinanyamula thumba la utuchi, n'kutuluka.