Wokwera Pamsana pa Mnzake

Mayi anandichenjeza kalekale kuti, "Wokwera pamsana pa mnzake usamudalire, maso ake ali kutali."

Dzulo mdzukulu wanga Mphatso analowa m'nyumba muno ku Silicon Oasis, kunja kuno kumene tikukhala, atakwapatira mpira wooneka ngati papaya. Fungo la chikopa chake linandibwezera kumishoni kwathu ndili mwana, kumene mphunzitsi wina wachizungu wochokera ku Australia anabweretsa mpira wotere. Ine ndinkayesa kuti wina anaukhalira paulendo. Achimwene anga a Yohane ndiwo ankamwetsa zigoli. Tsiku lina ndinawaona akuponda msana wa mnzawo n'kuwakha mpirawo m'mwamba, anthu akukuwa. Ndinathamangira kunyumba ndikulira kuti achimwene aputa ndewu. Mayi sanaseke. Chaka chisanathe, mzungu uja anawatenga kuti akasewere kwawo, ndipo sitinawaonenso.

"Agogo, akuti ndimadumpha bwino," anatero Mphatso. "Timu ina ikundifuna ku Australia."

"Khalas, basi zatha, wavomera kale eti?"

Anavomera ndi mutu.

Lero ndazindikira kuti ija sinali ndewu, achimwene ankatsanzika. Makolo a Mphatso amalawirira kuntchito, ndiye iye akapita ndizisowa wolankhula naye. Inu oyandikana nane, muzibwera kudzandizonda. Koma mukagogoda muzidikira, ine ndimayamba ndasuzumira pakabowo ka pachitseko.