Azakhali Owerenga Mano a Masamba

Azakhali anga atha zaka khumi ndi zisanu m'chipinda chodzaza miyala yodindika masamba akalekale. Ntchito yawo ndi kuyang'ana m'mbali mwa tsamba lililonse: lili ndi mano kapena ndi losalala? Zimene apeza, aprofesa, amene ndi abwana awo, amazilowetsa mu kompyuta, iyo n'kunena mmene kunkatenthera nthawi imene masambawo ankamera. Mpaka lero azakhali zimawaimitsa mutu.

Tsiku lina aprofesa analowa atanyoweratu, madzi ali chuchuchu, akusangalala kuti tsopano adziwanso mvula imene inkagwa anthu asanakhaleko. Azakhali anayang'ana pansi pamene anali atangokolopa, kenako ambulera imene aprofesawo anaisiya pakona.

"Ine zandisokoneza, bwana. Mwala wakuuzani za mvula yamakedzana, koma mitambo ya m'mawa uja sinakuuzeni kanthu?"