Munthu wa Chipewa pa Chithunzi cha Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamenyana ndi Felesiya chifukwa cha munthu amene tonse awiri sitinamuonepo.

Bambo anga anali mkamwini ku Ndunde, ndipo pobwera kumeneko anangonyamula khasu ndi chithunzi chimodzi chofiirira. Pachithunzipo panali amuna asanu ndi mmodzi osavala malaya, manja ali m'mwamba, ndipo kutsogolo kwawo kunaima munthu wa yunifolomu, chipewa chitamuphimba nkhope. Bambo ankati wachipewayo ndi bambo awo, tsiku limene anagwira adani ku nkhondo ya azungu. Agogowo anamwalira bambo akukwawa, ndiye nkhope yawo sankaikumbukira. Amalume akawakumbutsa kuti mkamwini alibe mawu pa munda wa eni, bambo ankangolowa m'nyumba n'kukapukuta galasi la chithunzicho.

Tsiku lina aphunzitsi anati aliyense abweretse chinthu chakale. Ine ndinachotsa chithunzi chija mufelemu osapempha, n'kuchibisa m'kope. M'kalasi ndinafotokoza modzitama, ndikuthira ndi mchere womwe. Ndisanakhale pansi, Felesiya wa benchi yakumbuyo anapisa m'chikwama n'kutulutsa chithunzi chomwecho. Amuna omwewo, manja omwewo, chipewa chomwecho. Ndinaona ngati ndalodzedwa.

"Wachipewayo ndi agogo anga," anatero Felesiya.

"Bodza! Mwina agogo ako ndi mmodzi wa ogwidwawo!"

Pa nthawi yopuma tinagwirana tsitsi mpaka diresi langa kung'ambika m'khwapa. Aphunzitsi anatipatsa zikoti ziwiriziwiri, kenaka anatituma kwa a Namate, nkhalamba yokonza njinga pamsika, imene inapitako ku nkhondo ija.

Tinawapeza akumata chubu, manja ali bii. Anawapukuta pa kabudula, n'kuyandikiza chithunzi pamphuno, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Adani ake ati? Amenewa ndife! Apatu n'kuti sitinakwere n'komwe sitima. Amationa m'khwapa ngati tili ndi mphere."

"Nanga wachipewayo?" ndinafunsa.

"Wachipatala ameneyo, sanali wakuno ayi. Mzungu wojambula anatigawira aliyense chake."

Nditatchula dzina la agogo, anayendetsa chala n'kuima pa munthu wachitatu, woonda, wa nthiti zowerengeka. "Uyu. Ankalira kufuna kwawo, koma nyemba ankazidziwa kuphika." Felesiya atatchula agogo ake, analoza womaliza, kenaka anasintha n'kuloza wachiwiri. "Kapena uyu. Maso anatha, ana inu."

Tinabwerera mitu itaima. Ngwazi tinalibe tonse awiri, ndipo sindinadziwenso chimene tinamenyanira. Ndinkadzifunsa kuti ananama ndani, popeza bambo sananame, ankangonena zimene anamva kwa azakhali awo. Ndipo ngati a Namate anasokoneza agogo a Felesiya, anga anawalondola bwanji? Mantha anga aakulu anali akuti ndikalankhula, ndiwalanda bambo chinthu chokhacho chimene chinkawaimika pakati pa azilamu awo.

Ndinakhala nazo mumtima masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinawapeza bambo akunola khasu kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinaulula zonse, ndi zakuba zomwe. Ndinkadikira ndodo. Iwo anangotenga chithunzi n'kupita nacho padzuwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikudutsa wachipewa uja mpaka kuima pa wachitatu. Kenaka anagwira khutu lawo, lotambalala ngati tsamba la dzungu.

"Makutuwa," anatero chapansipansi. "Nanga zaka zonsezi ine ndimayang'ana chipewa?"

Sindinadziwe ngati akwiya kapena akondwa, ndipo sindinafunse. Za adani sanazitchulenso. Amalume atamva anaseka sabata yathunthu, zimene zinandiwawa kuposa zikoti zija. Koma bambo anapitiriza kupukuta galasi lija, kungoti tsopano ankayambira pakati.

Lero chithunzicho chili m'nyumba mwanga. Ndinazindikira kuti chithunzi sichilankhula, timachilankhulira ndife, ndipo timachiuza zimene mtima ukusowa. Ngati a Namate analoza munthu woyenera, sindikudziwa mpaka pano. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anataya ngwazi yopanda nkhope n'kupeza munthu woonda wofanana nawo. Ana anga akandifunsa kuti agogo ndi ati, ndimaloza wachitatuyo, kenaka ndimawauza kuti agwire makutu awo.