Dzanja Lamanja la Amuna Awo

Mayi a panyumba yapakona salola kuti khofi wogwiritsidwa kale ntchito atayidwe. Amakamutenga kulesitilanti, n'kumuyanika pazenera, kenako n'kumusakaniza ndi shuga komanso mafuta a kokonati kuti akhale chokhulira thupi. Asanatseke botolo, amayesa kaye padzanja lamanzere la amuna awo, omwe ndi makaniko. Lamanja salikhudza.

Tsiku lina atapita kukagulitsa, mwini saluni ina anakana katundu wawo. "Zotaya izi ndizipaka makasitomala anga?"

Mayiwo sanalimbane naye, anangoitana amuna awo. "Bambo a ana, tawaonetsani manja."

Lamanzere linali losalala ngati la khanda, lamanja lokhakhala ngati tupa. Mwini saluni anatenga mabotolo onse.

Pobwerera bambowo anafunsa, "Nanga lamanjali mudzalikhula liti?"

"Limenelo ndiye umboni wanga, bambo. Lizikhala choncho."