Amayi akana mpando pamaliro

Mwaswera bwanji nonse.

Tangofika kuchokera kumaliro ku Zemba. Msana wa amayi uja, umene unayamba kuvuta m'ma 90, lero watilaka. Paja kuchipatala anati mafupa ake anaperepeseka, asamakhalitse pansi.

Ndinawapezera mpando, akana. Akuti, "Anzanga ali pamphasa, ine pampando ngati mwamuna? Adzati ndayamba matama."

Akhala pansi mpaka ulaliki kutha. Poti adzuke, msana wagwira. Azimayi awiri achita kuwanyamula, iwo ataluma chitenje kuti asakuwe, misozi ili chuchuchu. Anthu amayesa akulira malemu.

Panjira ndawapempha kuti maliro ena azipumako. Andiyang'ana nkuti, "Ndikasiya kupita, anga adzabwera ndani?"

Abale, tiwayankhe chiyani?